Za Moyo wa Banja: Kachidutswa ka Mnofu Kopita ku Blantyre

Pali mau amene dokotala akangowatchula m'chipinda choyezera, banja lonse limayamba kuyang'anana. Mauwo ndi akuti, "Tidulapo kachidutswa pa chotupachi kuti tikatumize ku Blantyre." Pamenepo bambo amapempha kuti ayambe wakafunsa kwa eni mbumba. Amalume akafika amati mpeni ukakhudza chotupa chimakwiya, ndipo wina kumbali amafunsa monong'ona kuti kodi mnofu wa munthu wamoyo akufuna akachite nawo chiyani. Mapeto ake mayi wodwalayo amabwerera kumudzi ndi chotupa chake chosadziŵika dzina. Ife akulu a mpingo amene timayendera odwala m'midzi ya m'tsinde mwa phiri lino, kuyambira ku Likhubula mpaka ku Muloza, nkhani yotere si yachilendo m'makutu mwathu.

Sitiwaseka anthu ofunsa motero. Kuno ku Mulanje sitinaiŵale chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka kuno ndi ku Phalombe, anthu osalakwa naphedwa, ndipo ogwira ntchito za chipatala ankaopa kuloŵa m'midzi ina. Mantha amakula msanga pamene palibe wofotokoza. Tsono mwezi uno tati tikatsate kachidutswako pa ulendo wake wonse, kuti makolo ndi achinyamata omwe adziŵe chimene chimafunidwa m'menemo. Muli maina angapo achilendo m'nkhaniyi, koma si ambiri, choncho tipirireni.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tinthu tamoyo tating'onoting'ono totchedwa maselo. Kuchepa kwake n'kwakuti maselo 50 kapena 100 atandandalikidwa pa mzere umodzi angangodzaza milimita imodzi ya pa rula ya mwana wa sukulu. Khungu ndi maselo, chiŵindi ndi maselo, m'kati mwa bere ndi pa khomo la chiberekero ndi maselonso. M'kalasi timawafanizira ndi njerwa, ndipo fanizolo n'labwino malinga tikapanda kuiŵala matope. Amene tinaona nyumba zikugwa m'mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikukumbukira njerwa zootcha bwino zili mbwee pansi, zamphumphu ndithu, chifukwa matope amene anazilumikiza ndiwo anasungunuka. Nanga maselo a munthu amalumikizidwa ndi chiyani, kuti mwini wake asamwazike ngati mchenga?

Funsoli linavutitsa anthu ophunzira kwa nthaŵi yaitali. Mu 1907 mphunzitsi wina wa pa University of North Carolina ku America, H. V. Wilson, anatenga siponji wamoyo, amene ndi kanyama ka m'nyanja yamchere, namufinyira pa nsalu ya silika mpaka maselo ake analekana nasanduka ngati phala la madzimadzi. Atawasiya m'madzi a m'nyanja, maselowo anayamba kukwaŵa, kufunana ndi kugwirana, ndipo patapita masiku anapanganso tisiponji tamoyo. Atasakaniza maselo a mitundu iŵiri ya siponji, sanalolane kumanga thupi limodzi. Zinaoneka poyera kuti selo silidikira mmisiri kuti alipake matope. Lili ndi timanja takelake, ndipo timanjato timazindikira mnzake woyenera kumugwira.

Panapita zaka 70 timanjato tisanadziŵike bwino. Mu 1977 Masatoshi Takeichi wa ku Japan anasonyeza kuti pali kugwirana kwina kwa maselo kumene sikutheka popanda kashiamu, mchere womwewo umene umalimbitsa mafupa athu ndi zigoba za mazira. M'zaka zotsatira iye ndi anzake a ku Kyoto anapeza puloteni imene imagwira ntchitoyi, naitcha cadherin. Mbali ina ya puloteniyi imatulukira kunja kwa selo ngati dzanja, n'kugwira cadherin wa mtundu womwewo pa selo loyandikana nalo; mbali inayo inamangiriridwa ku phaso la m'kati mwa selo, kotero kuti ukakoka limodzi wakoka onse. Pali mitundu ingapo. Wa m'mitsempha ya ubongo ndi mu mnofu wa mtima amatchedwa N-cadherin. Amene tikumufuna ife lero ndi E-cadherin, wa m'maselo oyala khungu, m'mimba, matumbo, njira za mkaka m'bere ndi khomo la chiberekero, kumene khansa zambiri za anthu akuluakulu zimayambira. Tikudziŵa kuti ena mwa inu mwaonamo kale ulaliki wa umodzi wa mpingo. Umenewo tiwasiyire abusa. Ife tipitirire ndi mnofu wathu.

Khansa imayamba pamene malangizo a m'kati mwa selo asokonezeka, selolo n'kuyamba kuchulukana mosalekeza. Komabe kuchulukana kokhako sindiko kumene kumapha anthu ambiri. Chotupa chimene maselo ake akali pamalo amodzi, dokotala angathe kuchichotsa chonse. Zoopsa zimayamba pamene maselo ena aboola kansalu kopyapyala kamene anakhalapo, naloŵa m'mitsempha ya magazi kapena m'njira zopita ku anabere, nakamera ku mapapo, ku chiŵindi kapena m'mafupa. Selo logwiridwa zolimba ndi anzake kumbali zonse silichoka msanga, ndipo m'khansa zambiri zofalikira E-cadherin amapezeka atachepa kapena atatheratu. Mu 1991 akatswiri a ku Germany ndi a ku Belgium anasonyeza zimenezi m'mbale za mu labotale: maselo a khansa amene anabwezeredwa E-cadherin analeka kuloŵerera mu mnofu wina, ndipo maselo ofatsa amene anamulandidwa anayamba kuloŵerera.

Amayi athu nkhaniyi ikuwakhudza koposa. Malaŵi ali pakati pa maiko amene khansa ya khomo la chiberekero yachuluka kopambana pa dziko lonse. Chiŵerengero cha bungwe la WHO cha 2020 chinanena za amayi oposa 4,000 opezeka nayo pa chaka, ndi pafupifupi 3,000 omwalira. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene mwa zina kamachepetsa E-cadherin m'maselo amene kaloŵamo. Kaŵirikaŵiri pamapita zaka 10 kapena kuposerapo maselo odwalawo akali pamwamba, asanaboole kansalu kaja, koma kwa mayi amene ali ndi HIV nthaŵiyo imafupika, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti m'boma lathu lino pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu a zaka 15 mpaka 49 anali ndi HIV. M'zaka zodikirazo ndimo muli mwayi. Namwino wa ku Mulanje Mission kapena ku chipatala cha boma amapaka viniga pa khomo la chiberekero, malo odwala n'kuyera, ndipo ngati ali aang'ono amathandizidwa tsiku lomwelo. Atsikana nawo anayamba kulandira katemera wa HPV m'dziko lonse mu 2019. Koma pamene pali kale chilonda kapena chotupa, viniga sangathenso kuyankha; mpaka kachidutswa kadulidwe.

Tiyeni tsopano tikatsate. Kachidutswako nthaŵi zambiri sikaposa njere ya mpunga kapena ya nyemba. Kakangochoka m'thupi amakaponya m'kabotolo ka mankhwala a formalin. Inde, ndi omwe aja oumitsira maliro, ndipo palibe chifukwa chobisira. Ntchito yake ndi imodzi, kuletsa mnofu kuola kuti selo lililonse likhale monga linalili pa ola limene linachotsedwa. Pa botolopo amalembapo dzina ndi nambala, napita nalo ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 70. Achikulire akumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tizidutswa tambiri ta m'dziko lino tinkakwera ndege mpaka ku St Thomas' Hospital mu London. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ku Lilongwe labotale yotere inatsegulidwa mu 2011 pa Kamuzu Central Hospital mothandizana ndi University of North Carolina, sukulu yomweyo ya mphunzitsi wa siponji uja, ndipo kumeneko zithunzi za minofu yovuta zimaonedwa pa kompyuta ndi madokotala a ku Malaŵi ndi a ku America pamodzi.

Mu labotale amachotsa madzi onse mu mnofuwo pouviika m'mankhwala motsatizana, kenaka amauthira phula lotentha longa la kandulo. Phulalo likauma pamakhala kanjerwa koyera, mnofu uli pakati. Kanjerwako amakaika pa makina okhala ndi lumo lakuthwa koposa, amene amasenda timagawo topyapyala kwambiri, moti milimita imodzi imatulutsa timagawo toposa 200. Kagawo kamodzi amakayala pa kagalasi, nakapaka mitundu iŵiri ya utoto: wina umadetsa phata la selo lililonse kukhala lobiriŵira ngati inki, wina umafiiritsa zotsalazo. Dokotala woyeza minofu akayang'ana pa maikulosikopu, nthaŵi zambiri apa pokha amatha kunena ngati ndi khansa kapena ayi. Koma pali minofu ina imene imafanana nkhope chonsecho ndi yosiyana mtundu, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Pamenepo ndi pamene amaitana mboni ina, yotchedwa antibody.

Mboni imeneyi tonse tinakumana nayo kale. Thupi likaloŵedwa ndi kachilombo limapanga timapuloteni ta chitetezo, ndito ma antibody, ndipo kalikonse kamamatira pa chinthu chimodzi chokha, monga mwana wa mbuzi amene amapita kwa make ngakhale m'khola muli mbuzi makumi atatu. Kamzere kamene kamatuluka pa kachipangizo koyezera malungo ndi ntchito ya antibody amene wagwira puloteni ya tizilombo ta malungo m'dontho la magazi. Mu 1941 Albert Coons wa ku Harvard anaganiza zomangirira utoto woŵala pa antibody, kuti akamatira mu mnofu asonyeze pamene pali chimene akufuna. Mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein, ku Cambridge, anapeza njira yopangira antibody a mtundu umodzi mochuluka monga momwe munthu angafunire, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1984. Chifukwa cha anthu ameneŵa, lero labotale ingathe kugula kabotolo ka antibody amene sadziŵa china chilichonse koma E-cadherin yekha.

Kagwiritsidwe ntchito kake kamafuna kudekha. Amasenda kagawo kena pa kanjerwa komweko, nasungunula phula, nakaphika m'madzi a mankhwala kwa mphindi ngati 20, pakuti formalin amamanga mapuloteni mfundo n'kubisa nkhope zawo. Kenaka amadonthezapo antibody uja, nadikira, natsuka kuti amene sanapeze pogwira achoke. Amadonthezaponso antibody wachiŵiri amene amagwira woyambayo, atasenza chinthu chosintha mtundu wa mankhwala otsiriza. Paliponse pamene panali E-cadherin pamasanduka mtundu wa tiyi wopanda mkaka.

Mu mnofu wa bere labwino chithunzi chake n'chokongola ndithu. Selo lililonse lazunguliridwa ndi kamzere ka mtundu wa tiyi, mizereyo n'kulumikizana ngati zisa za njuchi, pakati pa kachipinda kalikonse pali phata lobiriŵira. Pamene E-cadherin watha, mizereyo kulibe. Pamangooneka maphata ali balalabalala. Ndipo apa pali chinthu chimene ife aphunzitsi chimatikondweretsa. Dokotala sathamangira kuyang'ana mbali yodwala. Amayamba wafuna maselo abwino amene ali pa kagalasi komweko, kapena kagawo kena kodziŵika kale kamene kanapakidwa limodzi. Ngati abwinowo atuluka ndi zisa zawo, ndiye kuti mankhwala agwira ntchito, ndipo kusoŵa kwa mtundu m'chotupa ndi umboni weniweni. Ngati abwinowo nawonso ali mbee, ndiye kuti cholakwika chili m'botolo, kapena mnofu unachedwa kuloŵa mu formalin, ndipo ntchito yonse iyambirenso. Mwana akalephera yekha timaitana makolo; kalasi lonse likapeza ziro, ngakhale amene amakhoza masiku onse, timayamba tayang'ana pepala la mayeso.

Nanga wodwala apindulanji? Taonani khansa ya m'maŵere. Yochuluka ndi imene imayambira m'njira za mkaka. Imeneyi kaŵirikaŵiri imasunga E-cadherin, maselo ake amakhala m'magulu, ndipo imapanga chotupa cholimba chimene dzanja limachipeza. Koma khansa imodzi mwa khumi zilizonse, kapena kuposerapo pang'ono, ndi ya mtundu wotchedwa lobular, umene pafupifupi nthaŵi zonse unataya E-cadherin. Maselo ake amayenda mmodzimmodzi, lina pambuyo pa linzake, ngati anthu odutsa m'kanjira ka m'munda wa tiyi. Pa chifukwa chimenechi mtundu uwu nthaŵi zina supanga chotupa chogwirika. Bere limangolimba mbali imodzi, kapena khungu kukhwinyata, kapena nsonga kuloŵa m'kati. Mayi amene akufunafuna kambulu yekha angadzinyenge kuti ali bwino. Dokotala wa opaleshoni naye akadziŵa kuti ndi mtundu uwu amasamala koposa, popeza malire ake saoneka bwino ndipo umatha kupezeka pa malo angapo.

Tisakokomeze. Kukhalapo kwa E-cadherin sikutanthauza kuti khansa siifalikira, pakuti zambiri zomusunga zimafalikirabe. Iye ndi mboni imodzi pa bwalo, ndipo pali zina zimene zimaitanidwa kaŵirikaŵiri kumposa. Pali antibody wosonyeza ngati khansa ya bere ikukula modalira mahomoni a chikazi. Ikakhala yotero, mapiritsi a tamoxifen, akumwa kunyumba, amathandiza, pamene kwa mayi wina amene khansa yake siili yotero sangachite kanthu. Pali wina wotsimikiza Kaposi sarcoma, khansa ya zigamba zakuda ija imene inatenga abale athu ambiri ma ARV asanafike. Pali enanso osiyanitsa mitundu ya khansa ya anabere, imene poyamba imafanana kwambiri ndi TB ya m'khosi, moti anthu ena amwapo mankhwala a TB miyezi yambiri pachabe. Ndipo tisaiŵale kuti yankho limathanso kubwera lakuti si khansa. Zotupa zambiri za m'maŵere mwa atsikana ndi amayi achichepere n'zosaopsa, koma palibe dzanja, la dokotala kapena la azakhali, limene lingatsimikize zimenezo pongokhudza.

Pali nkhani ya kutali imene tifuna kuti a m'mabanja ogwa maliro motsatizana aimve. Ku New Zealand kunali fuko lina la Amaori limene m'zaka 30 linataya anthu 25 ndi khansa ya m'mimba, ambiri a iwo achinyamata. Ena ankati ndi temberero. Anthu a m'banjamo ndiwo anapita okha kukapempha akatswiri a pa University of Otago kuti awafufuze, ndipo mu 1998 Parry Guilford ndi anzake analengeza chimene anapeza: m'banjamo munkayenda chilema chobadwa nacho m'malangizo opangira E-cadherin. Kuyambira pamenepo achibale amayezedwa magazi, ndipo opezeka nacho amathandizidwa khansa isanakule. Khansa zambiri sizichokera kumtundu, ndipo sitikunena kuti banja lililonse la maliro ambiri lili ndi chilema chotere. Tikungoti kukanakhala kwathu kuno, tikudziŵa bwino lomwe kuti pakanapezeka gogo wina wolozedwa chala.

Za mpeni wokwiyitsa chotupa, maganizo athu ndi aŵa. Anthu sanama akamati anaona wina atadulidwa n'kumwalira patapita miyezi iŵiri. Chimene saŵerengera ndi zaka ziŵiri zimene chotupacho chinakhala pansi pa nsalu, chikutemeredwa mphini ndi kupakidwa zitsamba, kufikira chitayamba kuŵaŵa ndi kununkha. Pofika kuchipatala maselo anali atachoka kale. Kupemphera timapemphera, ndipo sitidzaleka kubwera ndi amayi a Mvano kudzakhala nanu pa mphasa. Koma mlaliki aliyense amene auza mayi kuti kupita kukayezetsa ndi kuchepa chikhulupiriro akusenza mlandu waukulu, ndipo mpingo wathu, umene unamanga chipatala pafupi ndi tchalitchi, sunaphunzitsepo zotero.

Chovuta chenicheni ndi kudikira. Ntchito ya mu labotale ndi ya masiku oŵerengeka, koma madokotala oyeza minofu m'dziko lino ndi ochepa kwambiri, mabotolo ochokera m'maboma onse amakaima pa mzere, ndipo ma antibody ndi odula, ochokera kunja, ofuna firiji yosazima. Si kachidutswa kalikonse kamene kamayezedwa nawo, ndiponso si kalikonse kamene kamawafuna. Choncho yankho limatha kutenga milungu ingapo. Inu anyamata ndi atsikana amene mumakhoza sayansi, dziŵani kuti manja osenda timagawo tija akusoŵa, ndipo ntchito ya mu labotale amaphunzitsa ku Malamulo, kwa anansi athu a ku Thyolo, ndi ku Malawi College of Health Sciences.

M'kudikira kumeneku ndimo timataya anthu ambiri amene anali atalimba mtima kale. Bala lapola, ndalama ya minibasi palibe, nyengo yothyola tiyi yafika ndipo tsiku lojomba ndi tsiku losalipidwa. Pepala la yankho n'kumangokhala m'kabati ya kuchipatala, mwini wake osabwera. Tiwapemphe akulu a madera ndi atsogoleri a Mvano kuti pa mndandanda wa odwala azilembaponso amene akudikira zotsatira, ndi tsiku limene anauzidwa kubwerera, ndipo thumba la zachifundo lisaone ulendo umenewo ngati wochepa poyerekeza ndi bokosi la maliro. Wodwala asachoke kuchipatala asanasiye nambala ya foni imene imagwira, yake kapena ya mwana wake, ndipo apemphe namwino kuti alembe m'buku lake la kuchipatala tsiku limene kachidutswa kanadulidwa. Yankho likabwera, nambala ya ku labotale ilembedwenso m'bukumo. Kanjerwa ka phula kaja sakataya msanga. Kamasungidwa, ndipo wodwala akatumizidwa ku Queen Elizabeth kapena ku Lilongwe, dokotala wa kumeneko angathe kukaitanitsa ndi nambala imeneyo, n'kusendapo kagawo kena ndi kuyesa antibody wina, popanda kumudulanso munthuyo kachiŵiri.